Mandimu anayi, chimera cha agogo ndi babu lokana kuyaka

Linali Loweruka madzulo, magetsi atazima, pamene ndinachita manyazi pamaso pa ana anga. Masana ake ndinali nditaonera kavidiyo pa YouTube, munthu akubaya ndimu ndi msomali komanso kawaya, babu n'kuyaka. Ndinati izi n'zosavuta, mandimu ali mbwee pamsika. Ndinaitana wachisamba wanga, mtsikana wa zaka 8, ndi mlongo wake wa zaka 5, n'kuwalonjeza kuti lero tiwala ndi ndimu, kandulo apume. Ndinabaya msomali wa malata mbali iyi, waya wamkuwa mbali inayo, n'kulumikiza babu la tochi yakale. Tinadikira. Babu lili chete. Ndinafinya ndimu, kusintha msomali, kunyambita mawaya. Zii.

"Adadi, mwina ndimu lake ndi lakutha batire," anatero wamng'onoyo. Mayi awo anaseka mpaka kukhala pansi.

Ndinatsala pang'ono kunena kuti basi kagoneni. Amene anandipulumutsa ndi mtsikanayo, pofunsa kuti bwanji tochi imadya mabatire awiri pomwe ife taika ndimu limodzi lokha. M'mawa mwake tinagula mandimu ena, n'kuwalumikiza mondondozana: mkuwa wa ili ku msomali wa linalo, mpaka anayi. Babu la tochi linakanabe. Ndiye ndinachotsa kababu kofiira ka LED m'kachidole kakufa. Koyamba sikanayake. Titakatembenuza miyendo, kanathwanima pang'ono, kuwala kochita kufuna kuphimba ndi manja kuti ukuone. Ana anakuwa ngati Flames yagoletsa.

Zomwe zinachitika n'zakuti ndimu limodzi lokhala ndi msomali wokutidwa ndi zinc ndi waya wamkuwa limatulutsa mphamvu yosakwana volti imodzi, ndipo magetsi oyenda m'menemo ndi ochepetsetsa. Babu lakale lija limawala pokhapokha kawaya kam'kati mwake katatenthedwa mpaka kufiira, ndiye ndimu silingakwanitse. LED imakhuta ndi zochepa, koma imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Zonsezi ndinazimvetsa bwino chifukwa babu linakana. Likanayaka tsiku loyamba, ana akanaomba m'manja, n'kunditenga ngati wamatsenga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine sayansi ndinaiphunzira ngati ndakatulo ya m'chinenero cha eni. Ndinali kupulayimale mu 1994 pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi, ana n'kukhamukira kusukulu kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pathunthu. Mpaka Sitandade 4 tinkaphunzira m'Chichewa, kufika Sitandade 5 zonse zinatembenukira ku Chingerezi. Aphunzitsi sindikuwadandaula ayi. Munthu mmodzi, ana oposa zana, choko chochita kugawana, akanatani? Ankalemba pabolodi, ife n'kukopera, n'kuloweza. Mawu oti evaporation ndinkawatchula bwinobwino, mayeso n'kukhoza, osadziwa kuti ndi zomwe zija zimachitika pamtsuko wa amayi. Mtsuko umatuluka thukuta, thukutalo likamauma limachotsa kutentha, madzi am'kati n'kumazizira ngakhale mu Okutobala. Ndinkamwa madzi amenewo tsiku ndi tsiku.

Chodabwitsa n'chakuti tikaweruka, tinkachita zinthu zovuta kuposa za m'kalasi, koma palibe ankazitcha maphunziro. Tinkawongola mawaya ndi mwala, kupinda, kumanga ndi malabala a chubu, n'kutulutsa galimoto yokhala ndi chiwongolero chachitali chokhotetsa mateyala akutsogolo onse awiri nthawi imodzi. Tinkadziwa kuti mateyala aang'ono amatitimira mumchenga, kuti lole yoikidwa katundu pamwamba kwambiri imagubuduka pakona, kuti waya wa mateyala ukadutsa m'kachubu ka bolopeni galimoto imayenda mosakakamira. Tinkasema nguli, n'kudziwa kuti ikapendama mbali imodzi siivina. Mpira wa chikulunga tinkaumanga mpaka uzidunda. Akulu akationa ankati tikutaya nthawi, tikawerenge.

Timanena kuti safunsa anadya phula, koma mwana akafunsa kachitatu timamuuza kuti akusokosa. Ineyo ndachitapo zimenezi kambirimbiri, makamaka ndikabwera kuntchito nditatopa ndi maminibasi.

Phunziro lenileni linabwera ndi amayi anga mu Juni, atabwera kuchokera kumudzi ku Ntcheu ndi thumba la mbatata, nkhuku yomanga miyendo ndi kajumbo ka chimera cha mawere. Anati zidzukulu zawo sizingakule ndi zakumwa zam'mabotolo zokhazokha, aphika thobwa. Anaphika phala la mgaiwa lolimba ndithu, n'kuphula, n'kukhala pansi kumacheza ngati aiwala. Mtsikana wanga anatenga chimera kuti athire.

"Iwe, leka! Chimera sichithiridwa phala likadali lamoto. Chimafa."

"Chimafa bwanji agogo, poti ndi ufa?"

"Chimafa basi. Dikira lizizire kaye."

Patapita nthawi anapisamo chala, n'kunena kuti tsopano. Anathira, n'kutakasa ndi mthiko. Inu amene munaonapo mukudziwa zomwe zimachitika: phala lomwe linali gwaa limayamba kumasuka, mthiko n'kumayenda mopepuka, posakhalitsa lasanduka lamadzimadzi popanda wothirapo madzi. Ana anayang'anizana. Ine ndaona zimenezi kuyambira ndili wakhanda, koma tsiku limenelo m'pamene ndinadzifunsa kuti kodi ufa wouma ungasungunule bwanji phala, pomwe ufa wina uliwonse ukanalilimbitsa.

Ndinapempha amayi kuti atipatulire phala pang'ono. "Mukufuna kuseweretsa chakudya?" Ndinati ayi amayi, tikufuna tione ngati chimera chimafadi. Anandiyang'ana ngati ndawanyoza, koma anatipatsa.

Tinaika makapu atatu patebulo. Loyamba phala lokha. Lachiwiri phala ndi chimera. Lachitatu phala ndi chimera chomwe ndinayamba ndachiwiritsa m'madzi pang'ono. Ndisanamalize n'komwe, mtsikana uja anandigwira dzanja. "Adadi mukubera. Umu mwathiramo madzi, enawa mulibe. Likasungunuka tidziwa bwanji kuti si madziwo?" Ndinangoti kakasi. Chinthu chimene aphunzitsi a ku sekondale ankavutika kutilongosolera, chakuti poyesa zinthu umasintha chimodzi chokha zina zonse zikhale zofanana, mwana wa Sitandade 3 anachiona yekha chifukwa sankafuna kuberedwa. Tinayambiranso: makapu onse masipuni a madzi ofanana, phala lofanana. Titadikira kwa kanthawi, la chimera chachiwisi linali kuyenderera tikapendeketsa kapu. La chimera chowiritsa linangokhala ngati loyamba lija.

Agogo anangoti, "Nanga ndimati chiyani?"

Anali kunena zoona, ndipo mawu oti kufa sanalakwike kwenikweni. Mbewu ya mawere ikanyowa n'kuyamba kumera, imapanga zinthu zotchedwa amylase, zomwe ntchito yake ndi kuduladula sitachi yosungidwa m'mbewumo kuti isanduke shuga wodyetsa kammera. Tikayanika ndi kupera mbewu zomerazo, amylase amakhalamobe. Akakumana ndi phala lofunda amayamba kudula sitachi ya chimanga, n'chifukwa chake phala limasungunuka komanso kutsekemera. Koma madzi owira amawawononga, sagwiranso ntchito. Chala cha amayi anga chimadziwa pomwe kutentha kwafika poyenera, ngakhale sanagwirepo thermometer.

Nditawauza ana kuti amylase alinso m'malovu mwawo, wamng'ono uja maso anawala. Munthu wa zaka 5 kumuuza kuti pali chifukwa chomveka cholavulira m'kapu, mwamupatsa Khrisimasi. Tinaika kapu lachinayi. Agogo anatuluka panja akuti ana a m'tauni alibe mwambo ndipo bambo awo ndiye woyambitsa. Phalalo linasungunukadi. Mayi a ana anakumbukira pomwepo kuti podyetsa mwana wakhanda, phala limayamba lolimba koma pomaliza limakhala lamadzi, chifukwa cha sipuni yomwe ikupita m'kamwa n'kubwerera m'mbale. Ankayesa kuti mwina ndi ufa woipa.

Masiku otsatira amayi anga anaiwala mkwiyo, n'kukhala iwo aphunzitsi aakulu. Anatentha zitsononkho, n'kuika phulusa m'chitini chobowola pansi, kuthira madzi, kutcheza chidulo cha therere. Ine ndinali nditapeza chidede chofiira pamsika. Tinachinyika m'madzi otentha mpaka madzi ali psuu, n'kugawa m'matambula atatu. M'limodzi tinafinyira ndimu, kufiira kunawala kwambiri. M'lina tinadonthezera chidulo, madzi anada n'kutembenukira ku mtundu wobiriwira. Titafinyira ndimu m'lobiriwiralo, linachita thovu n'kubwerera kufiira. Ana anafuna kuyesa chilichonse cha m'nyumba: sopo, viniga, soda, madzi a bwemba, phulusa la pambaula. Anapanga magulu awiri, zofiiritsa ndi zobiriwitsa. Mawu oti asidi ndi alkali ndinawatchula pamapeto penipeni, ndipo sindinakakamize kuti awasunge. Dzina likhoza kudikira Sitandade 7. Chomwe ndikufuna n'chakuti tsiku lomwe adzalimve m'kalasi, m'mutu mwawo mudzabwere tambula ya chidede, osati mdima.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa wina angawerenge izi n'kusiyira ana khitchini. Chidulo ndi soda zikalowa m'maso zimawawa, ndipo ine ndi amene ndimathira, iwo amayang'ana. Ku soketi ya pakhoma sitiyandikirako n'komwe. Magetsi athu amathera pa mandimu ndi mabatire a tochi. Timabatire tating'ono tozungulira ta m'mawotchi ndi m'zidole ndimachotsa n'kubisa kutali, chifukwa mwana akameza kamawotcha kummero m'maola ochepa chabe. Maginito aang'ono chimodzimodzi. Ndipo lamulo lalikulu pakhomo pathu ndi lakuti za m'makapu oyesera sizilawidwa popanda kufunsa. Tonse tikudziwa za ana omwa parafini wosungidwa m'botolo la chakumwa.

Zina zomwe tachita sizifuna nkhani yaitali. Dzira limamira m'madzi wamba koma limayandama mukasungunulamo mchere wambiri. Bolopeni yokhuzidwa m'tsitsi imanyamula tizidutswa ta pepala, ndipo imachita bwino nyengo youma ino kusiyana ndi nthawi ya dzinja, pomwe chinyezi chimaba mphamvuyo. Foni ya zitini ziwiri ndi ulusi imamveka ulusi ukakhala wokungika, ukalendewera kapena wina akaugwira pakati mawu amathera pomwepo. Nyemba zoikidwa pakati pa pepala lonyowa ndi khoma la botolo zimaonetsa muzu ukutsika pansi, ndipo mukatembenuza botolo muzuwo umakhota n'kutsikanso. Maginito ochokera m'sipika ya wailesi yakufa tinapita nawo kunyanja ku Salima, ndipo mumchenga wakuda uja anatola tinthu tambirimbiri tomata ngati ndevu. Mnyamata wanga anabwera nato kunyumba m'kabotolo, akuti ndi chuma chake.

Za zidole ndiye ndili ndi maganizo anga, ena akhoza kutsutsa. Sindidana ndi zidole zogula. Koma galimoto yapulasitiki ya mabatire imene mwana amangodina batani n'kumaonerera imamuphunzitsa zochepa ikadali yamoyo. Phindu lake limayamba tsiku lomwe yafa, ndipo zambiri za pamsikazi sizichedwa kufa. Kale ndinkakalipa, n'kutaya. Masiku ano timaiika patebulo n'kumasula. M'kati muli timagiya, kasiwichi, mawaya awiri, ndi kamota. Kamota kameneko ndi chinthu chamtengo wapatali kuposa chidole chonsecho. Mukakalumikiza ku batire kamazungulira, mukasinthanitsa mawaya kamazungulira chobwerera. Kenako chotsani batire, lumikizani LED, n'kupota kamtengo kake mwamphamvu ndi zala: kababu kamaphethira. Mota yasanduka dayinamo.

Tsiku lomwe tinayesa zimenezi ndinawafotokozera za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira sukulu ya sekondale. Mnyamatayo, ali ndi zaka 14, ankapita ku kalaibulale kakang'ono kumayang'ana zithunzi za m'mabuku a sayansi, Chingerezi chikumuvuta, kenako n'kumakatoleza zinthu kudzala. Ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi apulasitiki, fani ya thirakitala, njinga yakale ya bambo ake ndi dayinamo, anamanga makina oyendera mphepo omwe anayatsa babu kwawo. Lero dziko lonse likumudziwa ndipo tonse timamunyadira. Koma mbali yomwe imandikhudza ine ndi yakuti pamene ankatoleza zinyalalazo anthu ankati wapenga. Ndimadzifunsa kuti akanakhala mwana wa neba wanga, akubwera ndi zitsulo zadzimbiri pafupi ndi mpanda wanga, ine ndikanati chiyani. Ndikudziwa yankho lake, ndipo silindisangalatsa.

Galimoto ya mawaya tinapanga itatha nkhani imeneyo. Manja anga anakumbukira okha, ngakhale zala zafewa ndi kompyuta. Kwathu kale magalimoto anali a anyamata, atsikana kumasanje, ndipo palibe ankafunsa chifukwa chake. Amayi anga ataona mdzukulu wawo wamkazi ali ndi pulayala anati manja achita zikang'a. Iye sanamve n'komwe. Mateyala oyamba tinadula ku patapata wakutha, anatuluka osazungulira bwino, galimoto imayenda modumphadumpha ngati ili pamsewu wa kumudzi. Ndinadziletsa kukonza. Ichi ndiye chovuta kwambiri kwa ine pa zonsezi, kuposa kupeza zipangizo: kukhala chete manja ali m'thumba, mwana akulakwitsa chinthu chomwe ndikhoza kuchikonza m'mphindi imodzi. Anavutika masiku awiri. Kenako anatenga chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, n'kujambula mozungulira pa patapata asanadule, n'kupeza pakati popinda kapepala kozungulira kawiri. Sindinamuphunzitse zimenezo. Nditamufunsa anati anaona mayi ake akudula nsalu.

Funso lomwe ndaphunzira kufunsa tisanachite chilichonse ndi limodzi: ukuganiza kuti chichitike n'chiyani? Aliyense amanena zake, ngakhale agogo akakhalapo, ngakhale mtsikana wotithandiza ntchito zapakhomo, yemwe nthawi zambiri amalondola kuposa ine. Wolakwa sasekedwa, popeza woyamba kulakwa pakhomo pano ndinali ine ndi ndimu langa. Ndaona kuti mwana akanena kaye maganizo ake amayang'anitsitsa, chifukwa akufuna adziwe ngati wapambana. Akangouzidwa kuti taona ichi, amaona ndi diso limodzi, linalo lili ku TV.

Pali anzanga ena aphunzitsi amene amati zimenezi n'zabwino koma sizibwera pamayeso a MANEB, mwana akufunika manotsi. Sindikana kuti mayeso alipo ndipo Sitandade 8 ikubwera. Madzulo timawerenga ndithu. Koma ine ndinakhoza mayeso amenewo, n'kufika zaka zoposa 30 ndisakudziwa chifukwa chimene thobwa limatsekemera popanda shuga.

Choyesa chathu chachitali kwambiri chikadali m'kati. Mu Juni momwemo, wamng'ono uja anafunsa chifukwa chimene chithunzithunzi chake chimatalika madzulo. Tinazika ndodo yowongoka ya mita imodzi kuseri kwa nyumba, pamalo opanda mtengo, n'kumalemba pomwe mthunzi wathera ola lililonse. Anapeza okha kuti umafupika kufika masana kenako n'kuyambanso kutalika mbali inayo. Koma ngakhale pofupika penipeni sunathe: unatsala masentimita pafupifupi 75, utaloza kummwera. Mtsikana anati, "Nanga si mumati masana dzuwa limakhala paliwombo?" Timaterodi, tsiku lililonse. Koma kuno ku Lilongwe, madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, dzuwa limafika paliwombo penipeni kawiri kokha pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. M'miyezi yozizira limadutsa chakumpoto, n'chifukwa chake mthunzi umagwera kummwera. Mu Disembala limapitirira pang'ono chakummwera, mthunzi n'kutembenukira kumpoto. Anthu a ku London kapena ku Johannesburg dzuwa la paliwombo lenileni salionako n'komwe.

Sindinawauze tsiku lake. Ndinangoti tiziyeza Loweruka lililonse. Mtsikana ali ndi kope lake lomwe amalembamo deti ndi masentimita, ndipo wazindikira kuti mthunzi umafupikitsitsa 12 koloko isanakwane, masiku ano cha m'ma 11:30. Ndodo inagwetsedwapo kawiri, kamodzi ndi mbuzi ya aneba, kamodzi ndi mpira, ndiye tinaimangira simenti pang'ono. Loweruka lathali, pakati pa Okutobala, mthunzi unali masentimita 10 okha. Iye akuti utha pakatha milungu iwiri. Mlongo wake akuti sungathe, chifukwa chinthu chilichonse chimayenera kukhala ndi mthunzi. Anaimbira agogo awo pafoni kuti aweruze. Agogo anati iwo za ndodo sakuzidziwa, koma mthunzi ukabisala pansi pa mapazi ndiye kuti mbewu zikhale zili pafupi, mvula yayandikira. Ana abetcherana paketi ya mabisiketi, ndipo wogula ndine.